Mabala a Dyna

Lolemba, 5 Febuluwale 2018

Sabata yachitatu pa ntchito ku sosholo, ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha ana ndi mabanja. Lero andipatsa fayilo yangayanga yoyamba. Mpaka pano ndimangotsatira bambo Khanyiwa, abwana anga (m'bukumu azikhala a K.), kuwanyamulira mafomu ndi kumvetsera.

Nkhani yake: mphunzitsi wa Sitandade 3 pasukulu ina kufupi ndi Limbuli, mayi Rosie, anaimba foni. Mtsikana wa m'kalasi mwawo, Dyna, zaka 9, akujomba kwambiri, ndipo sabata yatha anabwera ndi bala lamoto pamkono. Mayi ake anamwalira. Amakhala m'malayini a esiteti ya tiyi ndi bambo ake, a Pilato, ndi mayi omupeza, a Janeti, ochokera ku Milange, kutsidya kwa malire a dziko lino. Aphunzitsiwo akuti mayi omupezawo akumuzunza.

A K. ali kukhoti mawa, ndiye ndipita ndekha. Angoti, "Millie, mukayang'ane, mukamvetsere, mubwere."

Nsapato zakuda zija sizilimba ndi matope a kuno. Ndipeze majombo.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Minibasi mpaka pa Limbuli, kenako kabaza. Mvula inandipeza pakati pa minda ya tiyi. Ndinafika m'malayini cha m'ma 3 koloko, anthu atangoweruka kothyola.

Woyamba kundilandira ndi mayi Alefa, a nyumba yoyandikana nayo. Anandiona ndisanatsike n'komwe panjinga. "Ndinu a sosholo? Mwachedwa. Mwanayu atha naye."

A Janeti ndi achichepere, mwina ang'ono kwa ine, khanda kumsana. Chichewa amamva koma amayankha m'Chilomwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ine wa ku Dedza, Chilomwe ndilibe ngakhale liwu limodzi. Mayi Alefa anadzipereka kumasulira. Tinakhala pakhonde. Posakhalitsa amayi ngati khumi anali atatizinga, ena ndi ndowa zopanda madzi, ngati akupita kumpopi.

Dyna: woonda koma osati wonyentchera. Bala lamoto pamkono wamanzere, kuyambira pachigongono kutsika, layamba kupola. Chipsera pachibwano. Zipsera m'mawondo. Pakakolo wakumanja mzere wozungulira, khungu losupuka, ngati mbuzi yomangidwa. Ndinamufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anayang'ana a Janeti, n'kuwerama.

Ndinafunsa a Janeti za balalo. Analankhula motalikirapo ndithu. Mayi Alefa: "Akuti mwanayu ndi wovuta." Ndinafunsa za pakakolo. Zii. Ndinafunsanso. Zii, maso pansi.

Mtima unandipsa. Ndinawauza mokweza kuti boma lili ndi mphamvu yomuchotsa mwanayu pakhomo pano, ndipo nkhaniyi ikhoza kufika kupolisi. Amayi aja anagwedeza mitu. Wina anati, "Eya, auzeni."

A Pilato sindinawapeze, amagwira kufakitale ndipo anali asanaweruke.

Pobwerera ndimamva bwino, kunena zoona. Ngati munthu amene wagwira ntchito.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Lipoti ndinalilemba m'mawa, masamba atatu. Kumapeto: "Mwanayu akuzunzidwa ndi mayi omupeza. Achotsedwe msanga."

A K. analiwerenga ataimirira. Kenako anakhala pansi, n'kutenga pepala loyera, n'kuligawa patatu ndi lula. Pamwamba analemba: NDAONA / NDAUZIDWA (ndi ndani?) / NDIKUGANIZA. "Chiganizo chilichonse cha mu lipoti lanuli chilowe pamalo pake."

Zinanditengera ola lathunthu. Pa NDAONA panalowa zinayi basi: bala, zipsera, mzere wa pakakolo, mwana wosalankhula. "Amamuwotcha ndi chikuni" chinapita pa NDAUZIDWA, a Alefa. "Amamumana chakudya," a Alefa. Pa "mwanayu ndi wovuta" ndinayamba kulemba dzina la a Janeti. A K. anaika chala papepala. "Mawu amenewo munawamva kuchokera pakamwa pa ndani?"

A Alefa.

Mafunso ena. A Alefa ndi ndani kwa banjali? Sindikudziwa. Buku la kuchipatala la mwana munaliona? Sindinafunse. Bambo wake? Ayi. Mwanayo munacheza naye payekha? Ayi, panali anthu khumi.

Anati ndilembe zinthu zisanu zomwe zingabweretse mabala otere pathupi la mwana. Ndinati nanga chingwe? Anati chingwe n'chachikulu ndipo sitichisiya. "Mwina mukulondola, Millie. Mwina mayiyo ndi wankhanza zedi. Koma a majisitireti akakakufunsani kuti mwadziwa bwanji, simukanena kuti ndinamuona nkhope."

Aimbira a Austin, mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo, kuti akamuzonde mwanayo. Lero ali ku sikelo ya ana kumudzi wina, akafikako mawa m'mawa. Ine ndikayambire kusukulu.

Nditawauza zomwe ndinanena pakhonde paja, za polisi, anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Bola akanandikalipira.

Zisanu zija ndafika pa zitatu: kumenyedwa ndi a Janeti, kumenyedwa ndi munthu wina, ngozi wamba. Zinazo mutu wakana.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Kusukulu. Mayi Rosie ndi munthu wabwino, ana 96 m'kalasi imodzi, mawu osasa. Tinatsegula kaundula. Chaka chasukulu chathachi Dyna anajomba masiku awiri okha. Mu Seputembala, masabata atatu otsatizana, akuti anadwala koma sakudziwa chiyani. Kuyambira Okutobala, tsiku pano, masiku awiri apo, sabata iliyonse.

A Janeti analowa pakhomopo zaka ziwiri zapitazo. Ndiye ngati vuto ndi iwowo, chinasintha n'chiyani mu Okutobala?

Ndinafunsa zomwe aphunzitsiwo anaona ndi maso awo. Anaganiza kaye. Akuti masiku ano Dyna amangoti maso tong'o kukhoma, ukamuitana osayankha, kenako n'kudzidzimuka. Iwo ankayesa mwano. Tsiku lina anadzikodzera ali pansi pomwe amakhala, anzake anamuseka mpaka anathawira kunyumba. Nanga za nkhanza anazimva kuti? Kutchalitchi, kwa mayi Alefa. Amaimba kwaya imodzi.

Ndiye anthu awiri amene ndimati akugwirizana aja, ndi munthu mmodzi.

Ndikutuluka pasukulu, foni ya a Austin. Dyna kulibe. Ndinathamangira kumalayini. Pachitseko loko. Mayi Alefa akuti a Pilato anamukweza panjinga dzulo m'mamawa, ndi kachikwama ka zovala. "Mwaona? Munthu wosalakwa amathawitsa mwana?"

Mumtima ndinati zoonadi. Foni inali kale m'manja kuti ndiimbire a K. ndiwauze kuti paja ndimanena ine.

Sindinaimbe. Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa layini, n'kutulutsa pepala lija. NDAONA: loko.

Lachisanu, 9 Febuluwale

A K., akumwa tiyi, osandiyang'ana: "Kuthawitsa mwana kukutiuza kuti akuopa. Sikukutiuza chimene akuopa. Ndipo amene anawaopseza tikumudziwa."

Tadziwitsa apolisi a nthambi yoona za ana kuti pali mwana amene sitikudziwa komwe ali. A K. awapempha kuti atipatse mpaka Lachitatu yunifolomu isanalowe m'malayini.

Masana ine ndi a Austin tinawadikira a Pilato pageti la fakitale. Munthu wamtali, wa mawu apansipansi. Mwana ali kuti? "Kwa abale." Abale a kuti? "Kwa abale." Kenako anatembenukira kwa ine. "Madamu, munabwera pakhomo panga ine kulibe, n'kuweruza mlandu pamaso pa layini yonse. Mkazi wanga akamapita kumpopi anthu akumamulavulira. Lero mukufuna chiyani?"

Anakwera njinga n'kumapita.

Loweruka, 10 Febuluwale

Kuchapa. Phiri silinaoneke tsiku lonse.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Amayi anaimba kufunsa za ntchito. Ndati ikuyenda.

Ulaliki sindinaumve. Kuseri kwa pepala la nyimbo ndinalemba: 4. matenda? Maso kukhoma osayankha. Kudzikodzera. Chibwano, mawondo, mkono. Kukoleji anatiuza kuti mwana womenyedwa kawirikawiri zipsera zimakhala kumsana, m'matako, m'ntchafu. Za Dyna zonse zili kutsogolo, malo amene munthu amagwera.

Koma kumsana kwake sindinayang'aneko n'komwe.

Lolemba, 12 Febuluwale

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. A Austin anafufuza m'makaundula. Seputembala: Dyna anabwera atakomoka ndi malungo aakulu, anamutumiza ku Boma, anagonekedwa masiku 12. Pa 24 Januwale: bala lamoto, "anagwera pa mbaula." Namwino akukumbukira bwino. Anabwera naye ndi a Janeti, wapansi, Dyna kumsana, khanda pachifuwa. Masiku onse otsuka bala anabwera, osaphonya ngakhale limodzi.

Ndinawafotokozera adokotala zomwe ndili nazo. Akuti ana ena akachira malungo ofika ku ubongo amayamba kugwa khunyu, ndipo mabala amoto amawaona kawirikawiri mwa odwala otere. Koma anati sanganene kanthu za mwana amene sanamupime.

Ndinabwerera ku ofesi ngati ndikuuluka. "Ndi khunyu! A Janeti alibe mlandu."

A K.: "Lachitatu munali otsimikiza. Lero mulinso otsimikiza. Khunyu limamanga chingwe pakakolo?" Akuti mwana akhoza kukhala ndi khunyu n'kumazunzidwanso pamwamba pake, ndipo ana odwala ndi amene amazunzidwa mosavuta. Mayi wopita ndi mwana kuchipatala akhoza kukhala wachikondi, akhozanso kukhala woopa kuti bala lingamuulule.

Khunyu lalowa pa NDIKUGANIZA. Ndinakhumudwa pang'ono. Munthu ameneyu sakusiya ngakhale kamphindi kuti usangalale.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Kwa a Janeti, 3 koloko. Ndinapempha kuti tilowe m'nyumba, titseke chitseko. Womasulira a Austin, agogo awo anali Alomwe. Ndinawapempha kuti anene liwu ndi liwu, ngakhale nditukwanidwe.

Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinati ndinalakwa kulankhula pagulu, ndinalakwanso kuopseza ndisanamve mbali yawo. Khanda linali kuyamwa.

Ndinafunsa funso limodzi: chitulukireni m'chipatala mu Seputembala, Dyna wakhala bwanji? Liwu loti khunyu sindinalitchule. A K. anandichenjeza kuti ndisawaike mawu m'kamwa.

A Janeti anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, a Austin akutsatira.

Koyamba Dyna anagwa pampopi m'mamawa, mwamwayi panalibe anthu. Thupi linauma, n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Chibwano chija ndi tsiku limenelo. Kuchokera apo, kawiri kapena katatu pamwezi. Mu Januwale a Janeti akusambitsa khanda kuseri anamva poto akugwa. Anamupeza Dyna mkono uli pa mbaula. Apa anatambasula dzanja lawo lamanja. M'chikhatho muli chipsera chachikulu, chapinki. Mbaulayo anaichotsa ndi dzanja.

Lachiwiri lija ndinakhala nawo ola lathunthu pakhonde, dzanja limenelo sindinalione.

A Pilato analetsa kuuza munthu aliyense. Pa layini amati matenda akugwa amapatsirana. Mpopi ndi umodzi, zimbudzi n'zogawana. Akuti kunali banja lina lomwe ana awo ankasalidwa mpaka linasamuka. Anapita naye kwa sing'anga kutsidya kawiri. Potsuka bala kuchipatala sananene za kugwako poti pabenchi panali anthu a pa layini.

Chingwe sindinachifunse. Anachitulutsa okha pansi pa bedi. N'cha nsalu, chitenje chakale chong'ambidwa n'kulukidwa. Tsiku limene Dyna wadzuka akudandaula mutu amadziwa kuti mwina agwa, ndiye sapita kusukulu. Onse awiri amachoka 6 koloko, a Pilato kufakitale, a Janeti kothyola tiyi. Khanda amakalisiya ku nazale ya esiteti. Dyna amamumangirira ku mwendo wa bedi kuti asafike pamoto kapena ku ngalande ya kuseri. Amamusiyira chinangwa, madzi, ndi chitini chokodzeramo. Mpaka 2 koloko.

Ndinawauza mosapita m'mbali kuti zimenezo n'zoopsa ndipo ziyenera kutha. Mwana atagwa ali yekha, womangidwa, chitseko chokhoma, akhoza kutsamwa n'kufa. Moto utabuka pa layini sangathawe. A Austin anamasulira. A Janeti anandiyang'ana m'maso, n'kuyankha m'Chichewa okha.

"Ndiye ndimusiye ndi ndani? Ndi inu?"

Ndinati sindikudziwa panopa, koma ndiye ntchito imene ndiyenera kuigwira.

Ndinafunsanso za "wovuta" uja. Akuti iwo ananena kuti mwanayu ali ndi vuto lomwe sangalinene pagulu. Zomwe zinanenedwa zenizeni tsiku lija sindidzazidziwa. Ndalemba zonse ziwiri, chilichonse ndi mwini wake.

Dyna ali kwa mayi awo a Janeti, mudzi wina kupitirira Milange.

Lachitatu, 14 Febuluwale

A K. awauza apolisi komwe mwana ali. Agwirizana zodikira kaye.

Ine kwa mayi Alefa, awiriwiri. Funso lomwelo: munaona chiyani ndi maso anu? Chingwe, pawindo, kawiri. Chimenecho n'choona. Anamvanso zinthu zikugwa, ndi kulira. Nanga chikuni? "Bala ngati limenelo lingabwere lokha?" Nanga kumanidwa chakudya? Dyna anadzapempha mango tsiku lina.

Kenako anayamba kulira. Mayi ake a Dyna, malemu Chiyembekezo, anali chinjira chawo, mnzawo wa pamtima, zovala ankabwerekana. Akumwalira anawagwira dzanja n'kuti, "Muzindiyang'anirako mwanayu." Kuyambira Okutobala a Janeti anayamba kutseka chitseko, Dyna anasiya kubwera kudzasewera. Iwo n'kusuzumira pawindo, n'kuona mwana wa mnzawo pachingwe.

Sanali kunama. Anaona chingwe, malo otsalawo anadzazamo okha. Ndikanakhala ine ndikanateronso. Ndinatero kale.

Za matenda sindinawauze, si zanga zoulula. Anafunsa kuti mkaziyo amangidwa liti. Ndinati tikufufuzabe. Anandiyang'ana ngati ndalandira ziphuphu.

Lachinayi, 15 Febuluwale

A K. anapita nane kwa a Pilato. Tinakhala pansi pa bulugama kunja kwa fakitale. A K. anacheza nawo kaye za mvula, za chimanga chogwidwa ndi mbozi, za kwawo kwa makolo awo. Mphindi makumi awiri. Ine ndikungoyang'ana wotchi. Kenako anati, "Madamu ali ndi mawu."

Ndinapepesanso. Ndinafunsa monga ndinafunsira Lachiwiri, osatchula zomwe akazi awo ananena. Mpopi, chibwano, mbaula, zonse zikufanana, ndondomeko yake yomweyo. Chosiyana chimodzi: iwo akuti wagwa kanayi kokha chiyambireni, a Janeti akuti kawiri katatu pamwezi. Mwina chifukwa masana sakhala pakhomo. Mwina akuchepetsa. Mwinanso awiriwa anapangana zonena, anali ndi masiku awiri. Ndalemba zonsezo.

Ndiye ichi: chingwe anali maganizo awo. A Janeti ankakana, ankafuna kusiya ntchito kuti azikhala ndi mwana. A Pilato anati nyengo yothyola ndi ino, ikapita yapita. Analuka okha.

Masiku asanu ndi anayi dzina lawo silinalowepo pa NDIKUGANIZA. Ndinkangoona mayi omupeza.

Anafunsa: "Ndikabwera naye, mundilanda?"

Ayi anali kale pamlomo. Ndinamumeza. Ndinanena zomwe ndikudziwa. Lipoti linena za chingwe chifukwa chinachitika, ndi amene anachiluka. Linenanso za masiku otsuka bala ndi dzanja la a Janeti. Tipempha kuti mwana akhale pakhomo ngati chingwe chatha, ngati aonedwa ndi dokotala, ndiponso ngati ine ndicheza naye payekha. Akandiuza zina, zinthu zisintha.

"Ndiye simukulonjeza."

Ndinati ayi, sindikulonjeza.

Kenako anafunsa a K., osati ine, ngati mankhwala ake alipodi. A K. anati alipo, akumwa tsiku ndi tsiku, ambiri kugwa kumasiya kapena kumachepa. Dokotala wa matenda amenewa amabwera kuchokera ku Boma kamodzi pamwezi, Lachinayi likubwerali. Anawonjezera kuti matendawa sapatsirana.

A Pilato: "Zimenezo mukaiuze layini."

Anapita osanena eya kapena ayi.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Tsiku la mafoni ndi mapepala.

Funso la a Janeti lija. Ngati wayamba mankhwala, m'mawa akhale kusukulu, aphunzitsi atadziwa chochita akagwa. Akaweruka, kapena tsiku lomwe mutu ukupweteka, akhale ku nazale komwe kuli khanda mpaka 2 koloko. Mayi oyang'anira nazale ndawafunsa ngati angalandire mwana wamkulupo wofunika kumuyang'anira, osatchula dzina. Akuti n'zotheka, bola kalata. Koma aphunzitsi ndi a nazale sitingawauze matenda makolo asanalole. A Janeti alola kudzera mwa a Austin. A Pilato sananene.

A Austin akuti pa sikelo ya ana sabata yamawa alankhula za khunyu pamodzi ndi malungo, ngati phunziro wamba, osaloza nyumba.

Lipoti ndalilembanso. Tsamba limodzi ndi theka. A K. awonjezera mutu wina kumapeto, ZOMWE SITIKUZIDZIWA: mawu a mwana mwini wake, kumsana kwake, zomwe adokotala apeze, mmene alili kumene aliko.

Loyamba lija ndimafuna kuling'amba. Akana. "Liikeni mu fayilo, ndi deti lake."

Lolemba, 19 Febuluwale

Palibe. A Austin akuti onse awiri apita kuntchito monga mwa masiku onse.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Ndinali ndi nkhani ina ku Limbuli. Nditamaliza ndinapitirira mpaka pa boda pa Muloza, popanda chifukwa chenicheni. Ndinaima pafupi ndi mlatho kuyang'ana akabaza akuwoloka ndi matumba a makala ndi nandolo, osintha ndalama akundiitana "senyora, senyora."

Ntchito yanga imathera pamtsinje umenewu. Akapanda kubwera Lachinayi, a K. alemba kalata kwa anzathu a ku Milange kudzera kupolisi. Akuti zimatenga masabata, nthawi zina miyezi. Mmenemo mwana ali pakhomo pomwe amaphika pansi pa mafuwa, ndi munthu wokalamba mmodzi.

Ndinagula nanazi. Ndinamuiwala mu minibasi.

Lachitatu, 21 Febuluwale

A Austin: a Janeti sanapite kothyola lero. A Pilato auza kapitawo kuti akazi awo apita kumaliro kwawo.

Akhoza kukhala maliro enieni.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Ndinafika pachipatala 7:30. Benchi ya odwala a tsiku limeneli ili kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Anthu ngati makumi awiri. Bambo wina wovala tayi, mtsikana wa kusekondale mu yunifolomu, amayi ndi ana awo. Sindimadziwa kuti ngochuluka chonchi.

9 koloko. 10 koloko. Adokotala amanyamuka 12 kubwerera ku Boma. Pomwe 11 imakwana pabenchi panatsala atatu. A Austin ankangopita kumsewu n'kubwerera.

11:20, akabaza awiri. Pa njinga yoyamba a Janeti ndi khanda. Pa yachiwiri Dyna, atagwira malaya a wopalasa ndi manja onse. Matope mpaka m'mawondo. Ananyamuka kusanache, njira yachidule mtsinje unadzaza, anachita kuzungulira pa boda. A Pilato kulibe, ali kuntchito, koma atuma uthenga: aphunzitsi muwauze. Za a nazale aganiza kaye.

Dyna ali ndi bala latsopano pamphumi, lotupa, la masiku atatu kapena anayi. Anagwera pa mtondo kutsidya kuja. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndimayenera.

Ndinanjuta kuti tifanane msinkhu. Ndinamuuza dzina langa, ndi kuti akamaliza ndi adokotala ndikufuna ticheze awiri, pansi pa mtengo uwo, pomwe mayi ake azitha kutiona koma osatimva. Anafunsa, "Mukandifunsa zambiri?" Ndinati zingapo, ndipo akatopa anene. Anati ali ndi njala. A Austin anathamangira nthochi pageti.

Namwino anaitana dzina lake nthochi ili pakati. Ndinatsala pabenchi, poti m'chipinda cha adokotala si mwanga. Pakhomo a Janeti anaima. Anamasula nsalu, n'kutsitsa khanda, n'kulankhula kwa a Austin.

"Akuti mulowe muwagwirireko mwanayu, alankhule bwino ndi adokotala."

Ndinakhala pakona, khanda pamiyendo likukoka baji yanga. Chikwama ndi mapepala onse ndinazisiya panja pabenchi. Adokotala anatsegula buku, n'kufunsa kuti zinayamba liti.

Anayankha ndi Dyna.